Kusumira boma kuti litulutse mafayilo a nkhani ya ziphuphu: phindu lake nchiyani?

Funso lachokera kwa bambo ena amene akukhala ku Joni. Akuti: "Kuno pa nyuzi ndimangomva kuti atolankhani kapena a chipani chotsutsa asumira boma kuti litulutse mapepala okhudza a Zuma ndi nkhani yawo ya ziphuphu ija. Akawina anthu amasangalala, koma eni akewo sitiwaona akulangidwa pa nkhani imeneyo. Nde milandu yofuna mapepalayi phindu lake nchiyani? Ngati boma lili ndi umboni oti bwana wina analandira chiphuphu, limakaniranji kuuonetsa? Nanga kumudzi kwathu zoterezi zingatheke?"

Phindu lilipo bambo, koma si limene anthu ambiri amaliyembekeza, ndipo kukhumudwa konseko kumachokera pamenepo. Mlandu ofuna mafayilo sufunsa kuti kodi bwana uja anadyadi chiphuphu kapena ayi. Jaji amene akumva mlandu umenewo alibe nazo ntchito zimenezo tsiku limenelo. Funso lili pamaso pake ndi lakuti, kodi ofesi ya boma iyi ili ndi chifukwa chomveka pamalamulo chobisira pepala ili? Basi. Nde mukawina mwawina pepala, simunawine kuti munthu akalowe ku ndende. Koma pepala limenelo nthawi zambiri limaulula china chake chimene kwa ine ndi chachikulu kuposa chiphuphucho: limaonetsa mmene anthu amene tinawapatsa ntchito yozenga milandu anaganizira pamene amatseka fayilo ya munthu wamkulu.

Tiyeni tiitsate nkhani ya a Zuma yomweyo, poti ndi imene mukuimva kumeneko, komanso palibe ina imene imaphunzitsa bwino kuposa iyo.

Gwero lake ndi zida za nkhondo zimene boma la South Africa linagula mu 1999, za ndalama pafupifupi 30 biliyoni randi pa nthawiyo. Imodzi mwa makampani amene anapeza nawo kontrakiti inali ya ku France, nthawi imeneyo imatchedwa Thomson-CSF, pano ndi Thales. Mu Malichi 2000 bwana wa kampaniyi ku South Africa, Alain Thétard, analemba fakisi yachinsinsi yopita kwa mabwana ake, ndipo mmenemo munali nkhani ya 500,000 randi pa chaka yopita kwa a Jacob Zuma, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, kuti aziiteteza kampaniyo pa kafukufuku komanso kuithandiza pa mabizinesi a mtsogolo. Kapepala kolemba pamanja ka fakisi imeneyi kanasungidwa ndi sekilitale wake, ndipo ndi mmene kanafikira mmanja mwa ofufuza. Mu Juni 2005 jaji Hilary Squires ku Durban anapeza Schabir Shaik, amene amayendetsa za chuma za a Zuma, olakwa pa milandu ya katangale ndi chinyengo, nkumupatsa zaka 15. Mwezi omwewo pulezidenti Thabo Mbeki anawachotsa a Zuma pa mpando.

A Zuma eni ake anatsegulilidwa mlandu waukulu kumapeto kwa Disembala 2007, patangopita masiku ochepa chiwinireni utsogoleri wa chipani cholamula cha ANC pa msonkhano wa ku Polokwane. Apa ndikonzeko pang'ono zimene anthu amakonda kunena, zoti anali ndi milandu 783. Ayi, 783 ndi chiwerengero cha maulendo amene oimira boma akuti Shaik ndi makampani ake anapereka ndalama kwa a Zuma kapena kuwalipilira zinthu, zonse pamodzi kupitilira pang'ono 4 miliyoni randi. Milandu yeniyeniyo ndi yochepa kwambiri kuposa pamenepo.

Nde pa 6 Epulo 2009, kutatsala masabata awiri okha kuti kuchitike chisankho, Mokotedi Mpshe amene amagwirizira udindo wa mkulu wa NPA, bungwe lozenga milandu ya boma, anaima pamaso pa atolankhani nkulengeza kuti milandu yonse yathetsedwa. Chifukwa chake? Matepi. A zaukazitape anali atajambula mafoni a Leonard McCarthy, mkulu wa gulu lofufuza lija la Scorpions, akukambirana ndi Bulelani Ngcuka amene anali mkulu wakale wa NPA, ndipo maloya a a Zuma anawapeza matepiwo nkupita nawo ku NPA kukanena kuti onani, mlandu uwu ndi wa ndale. Mpshe anawerenga tizidutswa ta zokambiranazo, nkunena kuti ndondomeko yaipitsidwa moti mlandu sungapitilire. Dziko lonse linamva tizidutswa tokhato timene iye anasankha. Palibe wa kunja amene anamva matepi onse, palibe amene anaona zimene gulu lake lomwe la oimira boma linamulangiza. Mwezi wotsatira a Zuma analumbira kukhala pulezidenti.

Zili ngati amfumu athetsa mlandu wa ng'ombe usiku kunyumba kwawo, mmawa nkuuza mudzi kuti zatha, ndamva zina zake zondipangitsa kuusiya. Mudzi sukunena kuti oganizilidwayo ndi wakuba ayi, ukungofunsa kuti mwamva chiyani, kwa ndani, ndipo nduna zanu zinati bwanji?

Chipani chotsutsa cha Democratic Alliance, DA ija, chinathamangira ku khoti nthawi yomweyo mu Epulo 2009 kukapempha kuti chiganizo cha Mpshe chiunikidwenso. Apa mvetsetsani bwino chifukwa ku South Africa kuli makomo awiri olowera mukafuna mapepala a boma, ndipo anthu amawasokoneza. Khomo loyamba ndi lamulo la PAIA la mu 2000, lopatsa anthu ufulu opempha mapepala amene boma likusunga, limene limachokera pa gawo 32 la malamulo oyendetsera dzikolo: mumalemba fomu, ofesi ili ndi masiku 30 oti ikuyankheni, ikakana kapena ikangokhala chete mumachita apilo, kenako ku khoti kapena kwa Information Regulator amene anayamba kuyang'anira lamuloli mu 2021. Khomo lachiwiri ndi la amene akutsutsa chiganizo cha ofesi ya boma ku khoti. Pali lamulo la makhoti lotchedwa Rule 53 limene limati ukatsutsa chiganizo, amene anachipanga akuyenera kubweretsa ku khoti zonse zimene zinali patebulo pake pamene amaganiza: makalata, mamemo, maminitsi, chilichonse. A DA analowera khomo lachiwirili, ndipo anachita bwino, chifukwa fayilo ya ofufuza milandu kudzera pa PAIA imavuta kwambiri kuitulutsa, lamulolo lili ndi gawo lonse lolola boma kukana zinthu zimene zingasokoneze kafukufuku kapena kuzenga mlandu.

Koma taonani nthawi imene zinatenga. Poyamba NPA ndi maloya a a Zuma anati DA ilibe nkomwe mphamvu yobweretsa nkhaniyi, komanso chiganizo chothetsa mlandu khoti silingachiunike. Zimenezo zokha zinadya zaka zitatu, mpaka mu Malichi 2012 pamene khoti lalikulu la apilo ku Bloemfontein linati ayi, palibe ogwira ntchito ya boma amene chiganizo chake chili pamwamba pa malamulo, NPA ipereke mapepalawo pasanathe masiku 14, kupatula zokhazo zimene a Zuma anauza NPA mwachinsinsi podandaula. Masiku 14 anadutsa, matepi osaoneka. NPA inati tikudikira kaye maloya a a Zuma atiuze ngati akulola, maloyawo nkuti matepiwo ndi mbali ya zachinsinsi zathu zija. DA inabwereranso ku khoti ku Pretoria, mu Ogasiti 2013 jaji Rami Mathopo anati aperekedwe, a Zuma anachita apilo, ndipo pa 28 Ogasiti 2014 khoti la ku Bloemfontein linagamulanso kuti matepi atuluke pasanathe masiku 5, nkudzudzula poyera Nomgcobo Jiba amene amagwirizira udindo wa mkulu wa NPA pa mmene ofesi yake inachitira pa nkhaniyi. Mamemo a mkati anapatsidwa kwa jaji opuma pa ntchito, Noel Hurt, kuti awerenge limodzi limodzi nkufufuta mizere yokhayo imene imaulula zachinsinsi za a Zuma, zotsalazo zipite kwa a DA. Pa 4 Seputembala 2014 mayi Helen Zille, amene anali mtsogoleri wa DA, anatuluka mu khoti la Pretoria atanyamula kathumba ka pulasitiki komata, mkatimo muli zolembedwa za matepiwo ndi kamemori. Zaka zisanu ndi miyezi isanu, kulimbirana kathumba kameneko.

Ndikudziwa mukuti nde mwaona, zaka zonsezo za chiyani. Dikirani mumve zimene zinali mkatimo.

Matepiwo sanali umboni wa chiphuphu, ndipo sanali umboni oti a Zuma ndi osalakwa. McCarthy ndi Ngcuka amakambirana za nthawi: mlandu utsegulidwe msonkhano wa ku Polokwane usanachitike kapena utatha, ndipo nchiti chimene chingawathandize a Mbeki pa mpikisano wa utsogoleri wa chipani. Zimenezo ndi zonyansa ndithu, ofufuza milandu sayenera kumakhala pa foni kuwerengera ndale, ndipo ine sindiwaikira kumbuyo anthu awiriwo ngakhale pang'ono. Koma sizimakhudza fakisi ija, sizimakhudza ndalama zija 783, sizimafufuta chigamulo cha Shaik. Komanso mapepala a mkati anaonetsa kuti gulu la oimira boma limene limayendetsa mlanduwo, lotsogozedwa ndi Billy Downer, linali litalangiza kuti mlandu upitilire ndipo nkhani ya matepiyo akaiunike jaji wa mlanduwo. Mlandu wa mapepala uja ndi umene unabweretsa zimenezi pamaso pa khoti ngati umboni. Ndi zimenezi mmanja, pa 29 Epulo 2016 majaji atatu a khoti la Pretoria motsogozedwa ndi Aubrey Ledwaba anagamula kuti chiganizo cha Mpshe chinali chosamveka pa nzeru ndipo anachithetsa. Ku apilo mu 2017 loya wa a Zuma yemwe, Kemp J Kemp, anavomera pamaso pa majaji kuti chiganizocho sichingaimikidwe, ndipo pa 13 Okutobala 2017 khoti linatsimikiza. Pa 16 Malichi 2018, patangotha mwezi a Zuma atatula pansi udindo, mkulu wa NPA pa nthawiyo, Shaun Abrahams, analengeza kuti milandu 16 yabwerera. Akuluakulu amati mlandu suwola, apa zinaoneka.

Nde phindu lake ndi limenelo bambo. Mlandu unali utakwiliridwa ndi siginecha ya munthu mmodzi, unafukulidwa chifukwa anthu ena anakakamira kuona zimene zinali patebulo pake. Komanso chigamulo cha 2012 chija chinatsala ngati lamulo kwa aliyense: mkulu ozenga milandu akathetsa mlandu wa munthu wamkulu, nzika zitha kupita ku khoti kukafunsa chifukwa, ndipo akuyenera kubweretsa fayilo. Chimenecho sichitha ngakhale a Zuma atadzapezeka osalakwa mawa. Ndipo ndinene momveka, a Zuma anaikana milandu yonseyi pamene anaonekera ku khoti la Pietermaritzburg mu Meyi 2021, Thales nayonso inakana, ndipo pamalamulo ndi osalakwa kufikira khoti litanena zina. Kumangidwa kwawo kwa mu Julayi 2021 kunali kwa nkhani ina, yonyozera khoti pokana kukaonekera ku komishoni ya jaji Zondo yofufuza za katangale m'boma. Zoti pofika 2025 mboni ngakhale imodzi inali isanayambe kupereka umboni pa mlandu wa zida uja zimandiwawa kwambiri, koma vuto limenelo ndi la maapilo osatha pa mlandu waupanduwo, si kuti mlandu wa mapepala unalephera ntchito yake.

Tsopano funso lanu lachiwiri, loti boma limakaniranji. Zifukwa zina ndi zoona ndithu ndipo ndimazilemekeza. Kafukufuku akakhala kuti akadali mkati, kutulutsa fayilo ndi kumuuza oganizilidwayo kuti mboni zake ndi ndani, nde mboni zimaopsezedwa, zina zimathawa, mapepala amaotchedwa. Amene anatsina khutu apolisi moyo wake umakhala pa chiswe. Komanso mu fayilo ya ofufuza mumakhala zinthu zosasefa, mphekesera, mabodza a adani a munthu, maina a anthu osalakwa amene anangoimbilidwa foni. Kunenedwa kuti unalandira chiphuphu si kulandira chiphuphu, ndipo pepala kukhala ndi chidindo cha boma sizitanthauza kuti zolembedwamo ndi zoona, limangosonyeza kuti wina anauza boma zimenezo. Izi anthu pa WhatsApp amaziiwala, akangoona kapepala kotuluka basi munthu wamangidwa kale mmaganizo mwawo.

Koma zifukwa zimenezi zili ndi malire, ndipo apa ndi pamene loya wabwino amagwira. Choyamba, chifukwa choti tikufufuzabe chimafooka fayilo ikatsekedwa. Simunganene kuti mlandu tausiya ndiponso nkumati mapepala sitingatulutse kuopa kusokoneza mlandu. Chachiwiri, pansi pa PAIA amene akukana ndi amene ali ndi udindo oonetsa khoti kuti kukanako nkoyenera, si opemphayo, ndipo kungotchula nambala ya gawo la lamulo sikokwanira, akuyenera kufotokoza kuti pepala ili likatuluka chiti chenicheni chionongeke. Chachitatu, jaji ali ndi mphamvu yoliona yekha pepalalo mseri nkuweruza. Chachinayi, ngati mizere itatu yokha ndi imene ili ya chinsinsi, amafufuta itatuyo nkupereka zotsalazo, ngati mmene anachitira jaji Hurt. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali gawo 46, limene limati ngakhale pepala litakhala lotetezedwa, likuyenera kutuluka ngati likuulula kuphwanya malamulo kwakukulu ndipo ubwino oti anthu adziwe ukuposa choipa chimene chingabwere.

Gawo 46 limeneli ndi limene linabweretsa mlandu wina umene mwina ndi umene munaumva, wa misonkho ya a Zuma. Mu 2019 mtolankhani wa Financial Mail anapempha SARS, bungwe lotolera misonkho, mapepala a misonkho ya a Zuma a zaka za 2010 mpaka 2018, potsatira zimene zinali zitalembedwa zoti ali pulezidenti amalandiranso ndalama kuchokera ku kampani ina ndipo za misonkho sizimayenda bwino. SARS inakana, inati lamulo limaletseratu kutulutsa za misonkho ya munthu, zivute zitani, ndipo zinali zoona, gawo 46 silimafika kumeneko. Eni nyuzipepalayo pamodzi ndi atolankhani ofufuza a amaBhungane anapita ku khoti kukatsutsa lamulolo lenilenilo. Mu Novembala 2021 jaji Norman Davis anagwirizana nawo, ndipo pa 30 Meyi 2023 khoti la malamulo oyendetsera dziko, majaji 5 kwa 4, linati chiletso chopanda pothawira chotero nchosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, nkupatsa nyumba ya malamulo miyezi 24 kuti ikonze. Koma onani, khotilo silinawapatse atolankhaniwo mafayilo mmanja tsiku limenelo, linabweza pempho lawo ku SARS kuti iliunikenso ndi muyeso watsopanowo. Kuwina kwa milandu imeneyi nthawi zambiri kumaoneka chonchi, chitseko chimatseguka pang'ono, olowa ndi amene akubwera mmbuyo. Majaji anayi amene anatsutsa aja nawonso anali ndi mfundo yolemera, yoti anthu amauza SARS zoona chifukwa amakhulupilira kuti zikhala za chinsinsi, ngakhale ndalama zopezeka mwa njira zokhota. Ine ndili mbali ya asanu aja, chifukwa munthu amene wakhala pa mpando wa pulezidenti sangafanane ndi ogulitsa tomato pa nkhani ya zimene anthu ali ndi ufulu odziwa, koma si nkhani yoti mbali inayo inalibe nzeru.

Za kumudzi. Zida zilipo, kungoti sitinazigwiritse ntchito mokwanira. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapereka ufulu opeza uthenga umene boma likusunga, lamulo la Access to Information linasainidwa mu 2017 nkuyamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ofesi iliyonse ya boma ikuyenera kukhala ndi ofisala olandira mapempho, yankho likuyenera kubwera pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo akakukanizani mutha kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission kenako ku khoti. Kwathu kulinso kanthu kena kamene anthu ambiri sakadziwa: gawo 99 limati DPP, mkulu ozenga milandu ya boma, akathetsa mlandu akuyenera kupereka zifukwa zake ku komiti ya zamalamulo ya ku nyumba ya malamulo pasanathe masiku 10. Ndekuti pa mlandu uliwonse waukulu umene wathetsedwa, monga uja wa malemu a Saulos Chilima umene unathetsedwa mu Meyi 2024, iwo akuukana kuyambira pachiyambi, malamulo amafuna kuti zifukwa zikhalepo ndipo zifike kwa aphungu. Kufunsa zifukwa zimenezo si kunyoza munthu amene amazengedwayo, nthawi zina ndi zimene zimamuyeretsa kumene, chifukwa mlandu ongothetsedwa mwakachetechete umamusiya munthu ndi chikaiko pamutu pake.

Ngati inu kapena gulu lanu mukufuna kuyesa, kaya ndi ku Joni kaya ndi kumudzi, musalembe kuti tipatseni umboni onse oti bwana uje analandira chiphuphu. Pempho lotero amalikana mosavuta, amati ndi lotambalala, kapena amati tilibe pepala la dzina limenelo. Tchulani pepala lenileni ndi nthawi yake: kalata yothetsa mlandu, memo imene ofufuza analembera bwana wawo, maminitsi a komiti imene inapereka kontrakiti, mavaucha a malipiro a mwezi wakuti mpaka wakuti. Mapepala a kontrakiti ndi malipiro ndi osavuta kuwapeza kuposa fayilo ya apolisi, ndipo kawirikawiri fungo la chiphuphu limayambira mmenemo, mtengo ukakhala okwera katatu kapena kampani ikapatsidwa ntchito popanda mpikisano. Sungani kopi yodindidwa yosonyeza tsiku limene analandira pempho lanu, chifukwa masiku onse a apilo amawerengedwa kuchokera pamenepo, ndipo ku South Africa muli ndi masiku 180 okha oti mukafike ku khoti njira za apilo zikatha. Akakukanizani, akanize polemba ndipo atchule gawo la lamulo. Ndipo musalowe nokha, pezani bungwe la atolankhani kapena la zaufulu limene lili ndi maloya ake, poti mbali inayo imalipira maloya ndi ndalama za misonkho yanu yomwe ndipo ilibe changu. Ngakhale pamenepo pali chosintha: mu Disembala 2018 khoti la Pretoria linagamula kuti boma silimayenera kuwalipilira a Zuma maloya pa milandu imeneyi ndipo ndalamazo zibwezedwe, khoti la apilo nkutsimikiza mu Epulo 2021, ndipo amene anakasuma nkhani imeneyo ndi a DA omwewo pamodzi ndi a chipani china chotsutsa cha EFF.